Bambo Marin Mersenne, Wansembe Wolumikiza Anthu a Nzeru (1588-1648)

Pa 8 September m'caka ca 1588, tsiku limene Eklezia akumbukira kubadwa kwa Maria Virigo Woyera, m'mudzi wina pafupi ndi Oizé m'dziko la France mudabadwa mwana wamwamuna amene adamucha dzina lace Marin Mersenne. Makolo ace adali anthu wamba a kumudzi, odya za thukuta lao. Palibe amene akadaganiza kuti dzina la mwana ameneyu lidzachulidwa patapita zaka mazana anai ndi anthu ogwira nchito pa makina owerengera ochedwa kompyuta.

Mnyamatayo adayamba maphunziro ku Le Mans, ndipo m'caka ca 1604 adalowa sukulu yatsopano imene ansembe a cipani ca Yesu adaitsegula ku La Flèche. Pa sukulu yomweyo padadzaphunziranso René Descartes, womcepera zaka zisanu ndi zitatu, amene patsogolo pace adakhala bwenzi lace la pamtima. Atatsiriza kumeneko adanka ku Paris kukaphunzira za Mulungu, ndipo m'caka ca 1611 adalowa cipani ca Aminimi, ndiko kunena kuti Ang'onong'ono. Cipani cimeneci adaciyambitsa ndi Francesco Woyera wa ku Paola, ndipo malamulo ace ngouma: pamwamba pa malumbiro atatu aja a umphawi, kudzisunga ndi kumvera, Aminimi alumbiranso kukhala ngati ali m'nyengo ya Lenti moyo wao wonse, osadya nyama, mazira kapena mkaka. Pasanapite nthawi yaitali Marin adadzozedwa unsembe. Kuyambira 1614 kufikira 1618 Bambo Mersenne adaphunzitsa ku Nevers, ndipo pofika 1620 adali atakhazikika m'nyumba ya cipani cao ku Paris, pafupi ndi bwalo lochedwa Place Royale. M'nyumba imeneyo adakhalamo kufikira imfa yao.

Masiku amenewo adali oipa ku Ulaya. Nkhondo imene idayamba m'caka ca 1618 idatha zaka makumi atatu, nipasula midzi yosawerengeka, ndipo Akatolika ndi Aprotestanti adali kuyang'anana ndi diso la cidani. Magazini ofalitsa zimene anthu a nzeru atulukira kudalibe, pakuti oyamba adatuluka m'caka ca 1665, wina ku Paris, wina ku London. Munthu akatulukira kanthu ankakabisa poopa kuti mnzace angamubere ulemu, kotero kuti anthu awiri ankatha kubvutika zaka zambiri ndi funso limodzi, yense kwa yekha, osadziwana.

Poyamba Bambo Mersenne nawonso adali munthu wa makani. Mabuku ao a m'zaka za 1623 ndi 1624 adali otsutsa kolimba anthu okana Mulungu ndi ena okayika cipembedzo. Koma pang'onopang'ono adazindikira kuti njira yabwino yoyankhira munthu wonena kuti coona sicidziwika ndiyo kumuonetsa zinthu zoyesedwa ndi zowerengedwa, zimene aliyense angathe kuziyesanso yekha. Cifukwa cace adadzipereka ku masamu ndi ku kufufuza za cilengedwe, poona kuti nayonso ndi njira yolemekezera Mlengi.

Tsono adayamba nchito imene idabukitsa mbiri yao, ndiyo ya makalata. Akalandira kalata yokhala ndi funso lobvuta, ankailembanso ndi dzanja kangapo, naitumiza kwa anthu amene adawadziwa kuti angathe kuyankha. Mayankho akabwera, ankawatumizanso kwa mwini funso ndi kwa ena. Adali kulemberana ndi Descartes ku Holland, Pierre de Fermat ku Toulouse, Galileo Galilei ndi Evangelista Torricelli ku Italy, Thomas Hobbes wa ku England, ndiponso Constantijn Huygens ndi mwana wace Christiaan, amene adali Aprotestanti. Kuyambira ca m'ma 1635 adali kusonkhanitsanso anthu a masamu mu Paris momwemo kuti azikambirana maso ndi maso.

Nchitoyi idali ngati ya unkhoswe, ndipo munthu amene adagwirapo unkhoswe adziwa kulemera kwace. Anthu a nzeru aja adali onyada ndi osacedwa kupsa mtima. M'zaka za 1637 ndi 1638 Descartes ndi Fermat adakangana kwambiri pa nkhani ya kuwala ndi ya masamu, ndipo makalata a mkanganowo adadzera m'manja mwa Bambo Mersenne, amene sadataye ubwenzi ndi mmodzi yemwe. Pamene Descartes adalemba buku lace la 1641 lonena za Mulungu ndi mzimu wa munthu, Bambowo adayamba alipereka kwa anthu amene adadziwa kuti adzalitsutsa, monga Hobbes, Pierre Gassendi ndi Antoine Arnauld, ndipo zotsutsa zao zidasindikizidwa m'buku lomwelo pamodzi ndi mayankho a mwini wace. Mwambo wopereka nchito ya munthu kwa anzace kuti aipime isanafalitsidwe ndiwo umene ofufuza a maiko onse autsata kufikira lero.

Panali zina zofuna kulimba mtima. M'caka ca 1633 bwalo la Eklezia ku Roma lidaweruza Galileo cifukwa cophunzitsa kuti dziko lizungulira dzuwa. Caka cotsatira Bambo Mersenne, amene adakhalabe mwana womvera wa Eklezia, adasindikiza m'Cifalansa buku la Galileo lonena za makina ndi mphamvu zonyamulira katundu, ndipo m'caka ca 1639 adafalitsanso zina za maphunziro ace. Zaka zambiri zitapita, m'caka ca 1992, Papa John Paul II adabvomera poyera kuti oweruza a Galileo adalakwa.

M'zaka za 1644 ndi 1645 Bambo Mersenne adayenda ulendo wa ku Italy, nakaonana ndi Torricelli, amene adali ataonetsa kuti mpweya uli ndi kulemera poimika cubu la galasi lodzaza ndi madzi olemera a citsulo ochedwa mercury. Pobwerera kwao adafalitsa nkhaniyo, ndipo amene adaigwira ndi manja awiri ndi mnyamata Blaise Pascal. Mnyamata ameneyu adayamba kubwera ku misonkhano ya Bambo Mersenne ali wamng'ono, potsagana ndi atate ace, ndipo m'caka ca 1642 adayamba kupanga makina a magudumu a mano ophatikiza ndi kucotsa nambala, kuti athandize atate acewo pa nchito yowerengera misonkho. Makina amenewo awerengedwa pakati pa makolo a kompyuta.

Bambo Mersenne eni ace adafufuza kwambiri za nyimbo. M'buku lao la Harmonie universelle la m'caka ca 1636 adalongosola ndi masamu cimene woimba bangwe kapena kaligo acidziwa ndi khutu: kuti cingwe cikafupika, cikakungika kolimba kapena cikacepa thupi, liu lace likwera. Adaonetsa kuti cingwe cikafupikitsidwa ndi theka cinjenjemera kawiri kuposa poyamba. Adayesanso kupima liwiro la mau mu mpweya.

Koma cimene cidasunga dzina lao ndico nambala zosagawika. Mai wa ku Thambani wogulitsa manacesi akakhala nao 12 angathe kuwaunjika milu yolingana ya awiriawiri, atatuatatu, anaianai kapena ya 6. Koma akakhala nao 7 kapena 13, milu yolingana siitheka pokhapokha ataika limodzilimodzi. Nambala zotere, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13, ndizo zosagawika. Tsono munthu akayamba ndi 2 namawirikiza, apeza 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128. Akacotsapo 1, zina mwa zotsalazo, monga 3, 7, 31 ndi 127, zikhala zosagawika. Koma si zonse ai: nambala ya pa malo a 11 ndi 2048, ndipo 2047 igawika, pakuti ndi 23 kuculukitsa ndi 89. Funso ndi lakuti ndi pa malo ati pamene nambala yosagawika ipezeka.

M'caka ca 1644 Bambo Mersenne adalemba kuti, kulekezera pa 257, malowo ndi 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Nambala zina pamenepa nzazitali kotero kuti padalibe munthu wa nthawi yao wokhoza kuziyesa, ndipo padapita zaka mazana atatu anthu a maiko osiyanasiyana akupima mndandandawo. Leonhard Euler wa ku Switzerland adatsimikiza za 31 m'caka ca 1772. Édouard Lucas wa ku France adatsimikiza za 127 m'caka ca 1876. Wansembe wa mpingo wa Orthodox ku Russia, Ivan Pervushin, adaonetsa m'caka ca 1883 kuti 61 adaisiya molakwa, ndipo Frank Cole wa ku America adaonetsa m'caka ca 1903 nambala ziwiri zimene zigawa ya pa malo a 67. Potsiriza kudaoneka kuti Bambowo adaphonya kasanu: adaikamo 67 ndi 257 zosayenera, nasiya 61, 89 ndi 107. Komabe pakuti adalemba maganizo ao poyera osawabisa, anzao a mibadwo yakutsogolo adapeza poyambira.

M'mwezi wa July 1648 Bambo Mersenne adadwala nthenda ya m'mapapo, ndipo adamwalira ku Paris pa 1 September, patatsala sabata limodzi kuti akwanitse zaka 60. Asanamwalire adapempha kuti asing'anga adzang'ambe mtembo wao, kuti aphunzirepo za nthendayo ndi kuthandiza odwala ena. M'kacipinda kao adapezamo makalata ocokera kwa anthu 78. Patangopita masiku 18, mlamu wace wa Pascal adakwera phiri la Puy de Dôme ndi cubu lija, naona kuti mpweya upepuka munthu akamakwera, monga adali kuyembekezera. M'caka ca 1666 mfumu ya France idakhazikitsa Académie des Sciences, pa maziko a misonkhano yonga imene Bambowo adaiyambitsa.

Kompyuta zitabwera, funso la Bambo Mersenne lidali limodzi la mafunso oyamba kuziyesera. M'caka ca 1952 Raphael Robinson, pogwiritsa nchito kompyuta ya ku Los Angeles yochedwa SWAC, adapeza nambala zatsopano zisanu m'caka cimodzi. M'caka ca 1996 George Woltman adayambitsa gulu lochedwa GIMPS, m'mene anthu odzipereka a maiko ambiri agawana nchitoyo kudzera pa intaneti, yense napima gawo lace pa kompyuta yace. M'mwezi wa October 2024 mmodzi wa gululo, Luke Durant, adapeza nambala ya 52 ya mtundu umenewu, imene kuilemba kwace kulira malemba a nambala 41,024,320. Ndipo maphunzirowa sali a cabe: m'caka ca 1977 kudafalitsidwa njira yobisira mauthenga yochedwa RSA, imene itsamira pa nambala zazikulu zosagawika, ndipo yathandiza kuchinjiriza mauthenga a ndalama oyenda pa intaneti. M'caka ca 1997 Makoto Matsumoto ndi Takuji Nishimura a ku Japan adapanga njira yoti kompyuta izicita maere, naicha Mersenne Twister.

Akale adati mutu umodzi susenza denga. Anthu a ku Thambani, okhala m'malire ndi Mozambique, adziwa kuti malire a maiko saletsa munthu kupempha mbeu kwa mnansi wa tsidya lija, ndi kuti wonyamula uthenga mokhulupirika agwira nchito yaikulu ngakhale dzina lace silimveka pa bwalo. Bambo Mersenne sadalingane nzeru ndi Descartes, Fermat kapena Pascal, ndipo adakhutira ndi kutumikira anthu owaposa, monga kuyenera munthu wa cipani ca Ang'onong'ono. Makalata ao adasonkhanitsidwa ndi kusindikizidwa pakati pa 1932 ndi 1988, nadzaza mabuku 17.