William Lear: Mmisiri Amene Anapeputsa Ntchito ya Woulutsa Ndege

M'nkhani zathu zotsatizana za anthu amene anasintha kayendedwe ka pa dziko lapansi, lero tafika pa William Powell Lear, mmisiri wa ku America amene dzina lake linasanduka dzina la ndege. Kwa zaka zambiri, anthu a kumeneko akaona kandege ka jeti konyamula eni chuma ndi akuluakulu a makampani ankangoti ndi Learjet, ngakhale kakhale kopangidwa ndi kampani ina. Funso limene mkuluyu analimbana nalo kwa zaka zoposa 40 linali lakuti: kodi munthu mmodzi, wa maso awiri ndi manja awiri, angathe kuulutsa ndege usiku kapena m'mitambo, ndi kukatera kumene akupita ali moyo?

Lear anabadwa pa 26 June, 1902, m'tauni ya Hannibal, m'chigawo cha Missouri. Banja la makolo ake linatha iye adakali wamng'ono, ndipo anakulira mu mzinda wa Chicago pamodzi ndi amayi ake. Sukulu sanapite nayo patali. Atatsiriza kalasi lachisanu ndi chitatu analowa sekondale, koma sanakhalitse. Komabe mnyamatayu anali ndi ludzu la kuwerenga. Mabuku onena za magetsi ndi wailesi ankawawerenga payekha, kenaka n'kumayesa ndi manja zimene wawerengazo. Adakali wachinyamata analowa gulu la asilikali a pamadzi, kumene anazama pa ntchito ya wailesi, ndipo atatuluka anatsegula kashopu kake kokonzera ndi kupangira mawailesi m'tauni ya Quincy, ku Illinois.

Masiku amenewo wailesi inali chibokosi chachikulu cholemera, chosati n'kuyenda nacho. Luso la Lear linali lochepetsa zinthu zazikulu kuti zikwane pamalo pang'ono. Iye pamodzi ndi mnzake Elmer Wavering anakonza wailesi yokwana m'galimoto, ndipo m'chaka cha 1930 kampani ya Paul Galvin inayamba kuigulitsa pa dzina lakuti Motorola. Ndalama zitayamba kupezeka, mu 1931 Lear anagula ndege yake yoyamba, ya mapiko awiri osanjikizana, naphunzira kuulutsa.

Ali m'mwambamo anaona vuto la oulutsa ndege a nthawi imeneyo. Iwo ankapeza njira poyang'ana mitsinje, misewu ndi njanji pansi. Mitambo ikatseka kapena mdima ukagwa, munthu ankasokera, mafuta n'kuthera m'malere. Cha m'ma 1935 Lear anapanga chipangizo chotchedwa Learoscope, chimene chinkamva mawu a nyumba youlutsira mawu ya pansi ndi kusonyeza mbali imene mawuwo akuchokera. Motero woulutsa ndege ankadziwa kolowera ngakhale asakuona nthaka.

Vuto lachiwiri linali kutopa. Munthu wogwira chiongolero kwa maola ambiri sangathe kuwerenga mapu, kulankhula pa wailesi ndi kuwerengera mafuta nthawi imodzi. Makina ogwirira munthu chiongolero, otchedwa autopilot, sanayambe ndi Lear, pakuti Lawrence Sperry anali atawaonetsa kale ku Paris mu 1914. Kagwiridwe kake n'kofanana ndi nguli imene ana amakwapula pabwalo: ikamazungulira mothamanga imaima chilili, osafuna kupendekeka. M'makinawa muli kagudumu kozungulira chomwecho. Ndege ikapendekera kumanja kapena mphuno yake ikazyolika, kagudumuko kamakhalabe mmene kanalili, ndipo kusiyanako kumatumiza mphamvu ya magetsi ku timainjini timene timakoka zoongolera za kumapiko ndi kumchira, ndege n'kubwerera m'malo. Koma makina oyambawo anali aakulu ndi olemera. Lear anapanga ang'onoang'ono, opepuka, okwana ngakhale m'ndege za nkhondo za jeti zokhala munthu mmodzi. Chifukwa cha makina ake otchedwa F-5 anapata mphoto ya Collier ya chaka cha 1949, imene ndi yolemekezeka koposa pa za ndege ku America, ndipo anailandira kuchokera kwa Pulezidenti Harry Truman.

Pofika 1960 Lear anali munthu wolemera, mwini kampani yaikulu ya zipangizo za ndege. Wina akanakhala pansi n'kumadya za thukuta lake. Iye anayamba kulota za ndege ya jeti yaing'ono, yonyamula anthu owerengeka, yothamanga ngati ndege zikuluzikulu za makampani. Ntchitoyi anaiyambira ku Switzerland, kumene amisiri ake anatengerako nzeru ku ndege ya nkhondo ya m'dzikomo yotchedwa P-16, imene boma linali litaikana. Anzake a m'kampani sanafune kuika ndalama pa lotoli. Chotero mu 1962 anagulitsa gawo lake pa madola oposa 14 miliyoni, nasamutsira ntchito yonse ku Wichita, m'chigawo cha Kansas, mzinda wa amisiri a ndege. Anaika chuma chake chonse pa chinthu chimodzi ali ndi zaka 60.

Learjet 23 inauluka koyamba pa 7 October, 1963. Inali ndi injini ziwiri za General Electric, inkathamanga makilomita oposa 800 pa ola, ndipo inkakwera mamita oposa 12,000, pamwamba pa mitambo yambiri ya mvula. Lear anaonetsetsa kuti kulemera kwake kusapitirire mapaundi 12,500, amene ndi makilogalamu pafupifupi 5,670, kuti iyesedwe pa malamulo a ndege zing'onozing'ono. Ndege zambiri za m'gulu limenelo zinkaulutsidwa ndi munthu mmodzi, koma pa Learjet akuluakulu a boma oona za ndege analamula kuti kutsogolo kuzikhala anthu awiri.

Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Ndege yothamanga chotero imatha mtunda wa makilomita pafupifupi 14 pa mphindi imodzi yokha. Poyandikira bwalo, woulutsa ayenera kumvera ndi kuyankha malangizo a pa wailesi, kutsitsa ndege pa mlingo woyenera, kuchepetsa liwiro, kutulutsa matayala ndi kuwerenga mndandanda wa zoyenera kuchita, zonsezi pa mphindi zochepa. M'mwamba mwenimweni, mpweya wa m'kati mwa ndege ukathawa, munthu amakomoka pasanathe masekondi 30 ngati sanavale chopumira. Akakhala awiri, mmodzi amaulutsa pamene mnzake akuyang'anira ndi kumukumbutsa chimene waiwala. Paja mutu umodzi susenza denga.

Ngakhale awiriwo amatha kuiwala. Mu June 1964, pa ulendo woyesera, ndege yoyamba ija inanyamuka timatabwa ta pamapiko tochepetsa liwiro tili titatukuka. Inalephera kukwera, inagwera m'munda, nipserera. Anthu awiri amene anali m'menemo anapulumuka. Ndalama za inshuwalansi zinathandiza kupitiriza ntchito, ndipo pa 31 July, 1964, boma linapereka chiphaso. Ogula anabwera, mmodzi wa iwo anali woimba wotchuka Frank Sinatra. Koma ndegeyi inali yosakhululuka. Oulutsa ozolowera ndege zoyenda pang'onopang'ono inkawatsogolera maganizo, ndipo m'zaka zoyamba kunachitika ngozi zingapo zimene zinapha anthu. Malonda anatsika. Mu 1966 kunatuluka Learjet 24, yoyesedwa pa malamulo okhwima a ndege zazikulu, koma ndalama zinali zitaperewera, ndipo mu 1967 Lear anagulitsa kampaniyo kwa Gates Rubber Company ya ku Denver.

Pa khalidwe, Lear sanali munthu wophweka kukhala naye. Ankakwiya msanga, ankachotsa antchito mwadzidzidzi, ndipo sankakonda kumva uphungu wa ena. Anakwatira kanayi. Koma ulesi sunamudziwe. M'zaka zomwezo za Learjet anakonzanso tepi yoimbira nyimbo m'galimoto yotchedwa 8-track, imene kampani ya Ford inayamba kuika m'magalimoto ake a 1966. Atasamukira ku Reno, m'chigawo cha Nevada, anawononga ndalama zambiri poyesa kupanga magalimoto ndi mabasi oyendera nthunzi, koma sizinapindule. Mu 1976 kampani ya Canadair ya ku Canada inagula pulani yake ya ndege ina, imene itasinthidwa inakhala Challenger. Ntchito yake yotsiriza inali Lear Fan, ndege yopepuka ya injini ziwiri zozungulitsa chopukusa chimodzi cha kumchira. Sanaione ikuuluka, chifukwa anamwalira ndi khansa ya m'magazi pa 14 May, 1978. Mkazi wake Moya anapitiriza ntchitoyo mpaka ndegeyo inauluka pa 1 January, 1981, koma sinalandire chiphaso, ndipo kampani yake inagwa mu 1985.

Nanga funso lija linayankhidwa ndi yani? Analiyankha ndi oyandikana naye a ku Wichita komweko, a kampani ya Cessna. Iwo anapanga jeti yotchedwa Citation, ya mapiko oongoka, yoyenda pang'onopang'ono kotero kuti ena ankaiseka, koma yofatsa potera ndi ponyamuka. Mu 1977, chaka chimodzi Lear asanamwalire, boma linalola kuti mtundu wake wotchedwa Citation I/SP uziulutsidwa ndi munthu mmodzi. Kuthamanga sikufika. Ndege za Learjet zinapangidwa zoposa 3,000 kufikira yomaliza mu 2022, ndipo mitundu yake yonse inkafuna oulutsa awiri.

Komabe tisaganize kuti Lear anagwira ntchito pachabe. Lero kuli majeti angapo ololedwa kuulutsidwa ndi munthu mmodzi, monga Phenom 300 ya ku Brazil, PC-24 ya ku Switzerland ndi HondaJet. Woulutsa wake amayesedwa mayeso apadera, ndipo chimene chimalowa m'malo mwa mnzake wa kudzanja lamanja ndicho autopilot pamodzi ndi zipangizo zosonyeza njira, zinthu zimene Lear anathera moyo wake akuzichepetsa ndi kuzipeputsa. Mu 2020 kunavomerezedwa makina a kampani ya Garmin otha kutereza ndege yaing'ono okha, wokwera akangodina batani woulutsa atadwala. Munthu wokhala yekha kutsogolo kwa jeti amaoneka ngati ali yekha, koma wazunguliridwa ndi nzeru za amisiri ambirimbiri.

Kwa inu achinyamata amene mwatsiriza sukulu, kapena munaisiyira panjira posowa fizi, mbiri imeneyi isakunamizeni kuti sukulu ilibe ntchito. Lear anatuluka m'kalasi, koma buku sanalitaye, ndipo ndege yake inajambulidwa ndi kuwerengeredwa ndi amisiri ophunzira kwambiri amene iye anawalemba ntchito. Kwa ife aphunzitsi, tikumbuke kuti mwana wovuta uja, wokonda kumasula mawailesi ndi kufunsa mafunso osatha, afunika kumupatsa buku loyenera ndi kumuleza mtima. Mlungu wamawa tidzaona mbiri ya Dwane Wallace, mtsogoleri wa Cessna amene anabweretsa Citation.