Brendan wa ku Clonfert, Mmonke Woyendayenda Panyanja

M'nthano za Ayuda ndi Akhristu, munthu woyendayenda kawirikawiri amakhala wotembereredwa. Kaini anauzidwa kuti adzakhala wothawathawa chifukwa chopha mbale wake. Nayenso Cartaphilus, mlonda wa pakhomo la Pilato amene Roger wa ku Wendover analemba za iye pa zochitika za 1228, akuti anamenya Yesu ndipo analangidwa kuti asafe kufikira Yesuyo atabweranso. Nthano imeneyi ndiyo inabala "Myuda Woyendayenda" amene anthu ena anamugwiritsa ntchito ponyoza Ayuda kwa zaka mazanamazana. Munthu amene ndikufuna kukamba za iye ndi wosiyana ndi awa: anachoka kwawo mwakufuna kwake, ndipo anakhalakodi.

Brendan anabadwa cha m'ma 484 kufupi ndi Tralee, kumwera chakumadzulo kwa Ireland. Mbiri za oyera zimati anabatizidwa ndi bishopu Erc ndipo analeredwa ndi mayi wodzipereka kwa Mulungu dzina lake Ita. Anakhazikitsa nyumba ya amonke ku Clonfert cha m'ma 559, namwalira cha m'ma 577. Adomnán, amene analemba mbiri ya Columba cha m'ma 700, amamutchula pakati pa anthu amene anakacheza kwa Columba pachilumba cha Hinba, ku Scotland. Choncho za panyanja ankazidziwa. Amonke a ku Ireland a nthawiyo ankaona kusiya abale ndi dziko ngati nsembe yaikulu, ndipo moyo wotere ankautcha peregrinatio, kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza mlendo.

Kutchuka kwake kunabwera ndi buku la Chilatini lotchedwa Navigatio Sancti Brendani, limene makope ake akale kwambiri ndi a m'zaka za m'ma 900, iye atamwalira kalekale. Makope olembedwa pamanja amene alipo mpaka lero ndi oposa 100. M'bukuli Brendan akunyamuka ndi amonke 14 m'bwato la zikopa za ng'ombe kukafunafuna dziko lolonjezedwa kwa oyera. Ena atatu akukwera mochedwa, ndipo palibe mwa atatuwa amene akubwerera. Pachilumba china chopanda udzu akukoleza moto kuti aphike, mwadzidzidzi chilumbacho n'kuyamba kuyenda: anali pamsana pa chinsomba chotchedwa Jasconius. Ife ophunzira zinenero dzinali limatisangalatsa, chifukwa ndi liwu la kwawo lotanthauza nsomba, iasc, limene wolembayo analiveka mchira wa Chilatini.

Chimene chinandidabwitsa powerenga n'chakuti ulendowu, wa zaka 7, suli wosochera ayi. Chaka chilichonse Lachinayi Loyera limawapeza pachilumba cha nkhosa, usiku wa Pasaka pamsana pa chinsomba chija, nyengo yofika Pentekosite pachilumba cha mbalame zoimba nyimbo zotamanda Mulungu, ndipo Khirisimasi kwa amonke a Ailbe. Ine ndikuona kuti wolembayo ankajambula kalendala ya mpingo pamadzi. Amonkewa akuzungulira monga momwe akanazungulira ndi mapemphero awo akanakhala kunyumba.

Gawo limene limandikhudza kwambiri ndi la Yudasi. Akumupeza atakhala pathanthwe pakati pa nyanja, mafunde akumumenya, koma iye akuti kumeneku ndiko kupuma kwake kwa tsiku la Mulungu, pakuti masiku ena amakhala kumoto. Thanthwelo analipatsidwa chifukwa ali moyo anaikapo mwala pamalo oipa mumsewu kuti anthu adutse bwino. Kansalu kamene kakumumenya m'maso ndi kamene anapatsa wakhate, koma sikanali kake. Ziwanda zitabwera madzulo kudzamutenga, Brendan akuziletsa mpaka m'mawa. Usiku umodzi wokha, koma kwa munthu amene Akhristu ambiri sakanamupempherera n'komwe.

Nthanoyi itafika ku Germany ndi ku Netherlands m'zaka za m'ma 1100, inatembenuka. Kumeneko Brendan akuwerenga buku la zodabwitsa za chilengedwe, sakukhulupirira, n'kuliponya pamoto. Mngelo akumulamula kuti ayende panyanja zaka 9 kuti akaone yekha zimene anakana. Mwa njira iyi, munthu amene anayenda mwakufuna kwake anam'bwezera m'gulu la Kaini, la oyenda chifukwa cha chilango. Kwa ine zikuoneka ngati olemba a kumeneko sanathe kumvetsa kuti munthu angasiye kwawo popanda mlandu.

Ena anaitenga nkhaniyi ngati yoona yeniyeni. Chilumba cha Brendan chinajambulidwa pamapu, ngakhale pa mpira wosonyeza dziko umene Martin Behaim anapanga mu 1492, ndipo anthu a kuzilumba za Canary anachifunafuna mpaka mu 1721. Mu 1976 Tim Severin ananyamuka ku Ireland m'bwato losokedwa ndi zikopa 49 za ng'ombe, nakafika ku Newfoundland mu 1977. Anatsimikizira kuti bwato lotere lingathe kuwoloka nyanja ya Atlantic. Kuti Brendan anawolokadi, zimenezo ulendo wa Severin sunatsimikize.