Charles Dickens: Mlembi Wolankhulira Aumphawi

Charles Dickens anabadwa pa 7 Febuluwale, 1812 mu mzinda wa Portsmouth m'dziko la England. Atate ake, a John Dickens, anali kalaliki mu ofesi yolipira malipiro a asilikali a pamadzi, koma anali munthu wosadziwa kusunga ndalama. M'caka ca 1824 ngongole zinawakulira, ndipo anatsekeredwa m'ndende ya Marshalsea ku London. Masiku amenewo lamulo linali kulola kumanga munthu wolephera kubweza ngongole.

Charles, ali ndi zaka 12 cabe, analeka sukulu nayamba nchito m'nyumba yopangiramo polishi wa nsapato. Nchito yake inali kumata mapepala pa mabotolo, ndipo anali kulandira masheleni 6 pa mlungu. Ngakhale atate ake anamasulidwa patapita miyezi yowerengeka, manyazi ndi cisoni ca masiku aja sizinamcoke mumtima. Nkhaniyi anaibisa kwa anthu ambiri, ndipo inadziwika poyera iye atamwalira, pamene bwenzi lake John Forster analemba mbiri ya moyo wake.

Atabwerera ku sukulu kwa kanthawi, analowa nchito ya ukalaliki kwa maloya ali ndi zaka 15. Pambuyo pake anaphunzira kulemba mwacidule, nakhala mtolankhani wa ku makhoti ndi ku nyumba ya malamulo. Kumeneko anaona m'mene olemera anali kupangira malamulo okhudza aumphawi amene sanali kuwadziwa nkomwe. Dzina lake linachuka m'caka ca 1836 ndi buku la nthabwala lochedwa The Pickwick Papers.

Koma Dickens sanafune kuseketsa anthu kokha. Lamulo la 1834 linali kukakamiza osowa kukakhala m'nyumba zogwiriramo nchito, mmene amuna, akazi ndi ana anali kulekanitsidwa. Mu Oliver Twist (1837-1839) iye sanatsutse lamuloli ndi mfundo zouma ai. Anangoonetsa mwana wamasiye wanjala akupempha kuti amuonjezere phala, ndi akuluakulu onenepa akuona pempholo ngati mlandu waukulu. Owerenga anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. Imeneyi ndiyo inali njira yake: kupatsa umphawi dzina ndi nkhope, kuti munthu asathe kuyang'ana kumbali. Popeza mabuku ake anali kutuluka pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi kapena mlungu ndi mlungu, pa mtengo wocepa, uthenga wake unafika ngakhale m'nyumba za anthu wamba.

Mabuku awiri amakhudza aphunzitsi mwacindunji. Kuciyambi kwa 1838 Dickens anapita ku Yorkshire kukadzionera yekha masukulu ogonera komweko kumene ana osafunidwa anali kutayidwa. Zimene anaona zinabala Nicholas Nickleby, mmene muli mphunzitsi wankhanza Wackford Squeers, womenya ana ndi kuwamana cakudya. Mu Hard Times (1854) muli Thomas Gradgrind, amene samenya ana, koma amawadzaza ndi mfundo zoloweza pamtima, naletsa nthano ndi maganizo awoawo. Ana ake enieni anakula opanda cimwemwe. Bukuli limaonetsanso mavuto a anchito a m'mafakitale.

Mu Bleak House (1852-1853) anadzudzula makhoti ocedwetsa milandu kufikira cuma conse citathera kwa maloya, ndipo mu Little Dorrit (1855-1857) anabwerera ku ndende ya Marshalsea ija. M'caka ca 1847, mothandizana ndi mai wolemera Angela Burdett-Coutts, anatsegula nyumba yosungiramo akazi osowa pogwira.

Moyo wake wa m'banja sunali wopanda banga. Anakwatira Catherine Hogarth mu 1836 nabala naye ana 10, koma mu 1858 analekana naye mwa njira imene inamcititsa manyazi mkaziyo pamaso pa anthu.

Dickens anamwalira pa 9 Juni, 1870 ku nyumba yake ya Gad's Hill Place, ali ndi zaka 58, buku lake lomaliza lisanathe. Anaikidwa m'chalichi ca Westminster Abbey.

Mphunzitsi wofotokozera ana mbiri imeneyi akumbukire kuti Squeers ndi Gradgrind onse awiri anali kudzicha ophunzitsa ana. Wina anapweteka thupi la mwana, wina anaumitsa maganizo ake.