Charles de Foucauld Woyera, Wopembedza wa m'Chipululu

Charles de Foucauld anabadwa pa 15 September 1858 mu mzinda wa Strasbourg, m'dziko la France, m'banja la anthu omveka. Makolo ake onse awiri anamwalira m'chaka cha 1864, ndipo analeredwa ndi agogo ake. Atakula anataya chikhulupiriro, nalowa usilikali, namwaza chuma cha makolo ake pa madyerero ndi zokondweretsa thupi.

M'chaka cha 1883 anapita ku Morocco kukalemba mapu a dzikolo, atavala ngati Myuda kuti asadziwike. Kumeneko anaona Asilamu akugwada ndi kugunditsa nkhope pansi kasanu pa tsiku, opanda manyazi. Kupembedza kwao kunamlasa mtima, ndipo anayamba kudzifunsa ngati Mulungu alipodi. Atabwerera ku Paris anaonanso kupemphera kwa msuweni wake, Marie de Bondy, mai wofatsa amene sanamkakamize kanthu. Tsono anayamba kulowa m'matchalitchi ndi kukhalamo chete nthawi yaitali. Kumapeto kwa October 1886 anafika kwa Bambo Huvelin m'tchalitchi cha Saint-Augustin kuti afunse za chipembedzo. Wansembeyo anamuuza kuti agwade alape machimo ake, ndipo m'mawa womwewo anampatsa Ukaristia. Kuyambira tsiku limenelo Charles anadzipereka kwa Mulungu kotheratu.

M'chaka cha 1890 analowa chipani cha amonke a Trappist. Mu 1897 anapita ku Nazareth, nakhala wantchito wamba pa nyumba ya Asisitere a Clara Woyera. Anadzozedwa unsembe mu 1901, ndipo anasankha kukapembedza pakati pa anthu osadziwa Yesu, m'chipululu cha Sahara. Anayamba ku Beni Abbès, ndipo mu 1905 anakakhazikika ku Tamanrasset, pakati pa mtundu wa Atuareg.

Kumeneko sanalalike m'mabwalo ai. Anamanga kanyumba, namachita Misa, namagwada maora ambiri pamaso pa Sakramenti Loyera. Anakhulupirira kuti monga Maria Virgo ananyamula Yesu mwakachetechete kulowa naye m'nyumba ya Elizabeti, nadalitsika onse a m'nyumbamo, momwemonso Yesu wa mu Ukaristia adzadalitsa anthu okhala pafupi ndi guwa lake. Chitseko chake chinali chotsekukira aliyense: odwala, akapolo, apaulendo ndi amphawi. Wogogoda akafika, iye anali kusiya mapemphero kukamlandira, podziwa kuti mwa mlendoyo akumana ndi Ambuye yemweyo. Anaphunzira chilankhulo cha Atuareg, nalemba buku lalikulu lomasulira mau ao.

Mayesero sanamsowe. M'chaka cha 1907 analibe womtumikira pa guwa, ndipo malamulo a nthawi imeneyo sanalole wansembe kuchita Misa ali yekha. Choncho ngakhale tsiku la Khirisimasi linapita popanda Misa. Kunagwanso chilala. Iye anagawira anjala chakudya chake, nadwala kufikira pafupi kufa. Pamenepo Atuareg, ngakhale anali osauka, anafunafuna mkaka wa mbuzi namchiritsa nao. Mu January 1908 chilolezo cha Papa Pius X chinafika, ndipo anayambanso kupereka Nsembe Yoyera.

Pa 1 December 1916 achifwamba anazinga nyumba yake, nammanga, ndipo mnyamata womlonda anamuombera mfuti. Anafa osabatiza Mtuareg ndi mmodzi yemwe, ndiponso wopanda mnzake wotsata moyo wake. Patapita masabata, Sakramenti Loyera linapezeka mumchenga pafupi ndi pamene anafera.

Koma mbeu yogwa m'nthaka inamera. Abale Aang'ono a Yesu anayamba mu 1933, Alongo Aang'ono a Yesu mu 1939, ndipo onsewa amapembedza Ukaristia pakati pa amphawi m'maiko ambiri. Papa Francis anamlemba m'gulu la Oyera pa 15 May 2022.

Akhristu ndi aphunzitsi a katekisimu asaiwale kuti pamene agwada m'tchalitchi kapena atsogolera mapemphero a Lamulungu kumudzi, alipo wina pakhomo amene akuyang'ana. Munthuyo mwina sanamvepo katekisimu, koma akuona maondo ogwada ndi nkhope za opemphera, monga Charles anaonera ku Morocco.