John Dalton

John Dalton (6 Seputembala 1766 – 27 Julaye 1844) anali mphunzitsi komanso katswiri wa sayansi wa ku England. Amadziwika kwambiri chifukwa cha chiphunzitso chake chakuti zinthu zonse zinapangidwa ndi tizidutswa tating'ono kwambiri totchedwa maatomu, koma chimene chinamufikitsa pa mfundo imeneyi ndi kafukufuku wa zanyengo, makamaka nthunzi ya madzi imene imakhala mumlengalenga.

Ubwana ndi uphunzitsi

Dalton anabadwira m'mudzi wa Eaglesfield, pafupi ndi Cockermouth ku Cumberland. Bambo ake anali owomba nsalu ndipo banja lawo linali la mpingo wa Quaker. Masiku amenewo anthu a mpingo umenewu sankatha kulandira digiri ku Oxford kapena ku Cambridge, choncho zambiri zimene Dalton ankadziwa anachita kudziphunzira. Anayamba kuphunzitsa ana anzake ali ndi zaka 12, ndipo ali ndi zaka 15 anapita ku Kendal kukathandiza mkulu wake Jonathan pa sukulu ina. Kumeneko anadziwana ndi John Gough, munthu wosaona koma wodziwa masamu ndi zachilengedwe, amene anamulimbikitsa kulemba mmene nyengo ilili tsiku lililonse. Anayamba mu 1787 ndipo anachita zimenezi kwa zaka 57, mpaka zolembazo zinapitirira 200,000.

Mu 1793 anasamukira ku Manchester kukaphunzitsa masamu pa New College. Chaka chomwecho anatulutsa buku lake loyamba, Meteorological Observations and Essays.

Nthunzi ya madzi

Akatswiri ambiri a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti madzi akauma pansi amasungunuka mu mpweya ngati mmene mchere umasungunukira m'madzi. Dalton anakana. Iye ankati nthunzi ndi mpweya paokha, umene umangosakanikirana ndi mipweya ina koma osalumikizana nayo, ndipo kuchuluka kwa nthunzi imene ingakhale pamalo kumadalira kutentha basi. Kukazizira, nthunzi ina imabwerera kukhala madzi. Umu ndi mmene anafotokozera mame, nkhungu ndi mvula. Nthunzi yeniyeniyo sioneka ndi maso. Choyera chimene chimaoneka pamwamba pa mphika wowira ndi timadontho ta madzi timene tazizira kale.

Kuti atsimikize, ankalowetsa timadzi pang'ono pamwamba pa mercury m'kachubu ka galasi ka barometer, n'kumatenthetsa kachubuko pang'onopang'ono. Madzi akamasanduka nthunzi ankakankhira mercury pansi, ndipo Dalton ankalemba kuti watsika bwanji pa kutentha kulikonse. Zipangizo zake zinali zosalira zambiri ndipo manambala ena sanali olondola kwenikweni, koma mfundo yake inali yoona. Madzi amawira pamene mphamvu yokankha ya nthunzi yafanana ndi ya mpweya wowazungulira. N'chifukwa chake m'mbali mwa nyanja yamchere amawira pa madigiri 100, pomwe pamwamba pa phiri amawira asanafike pamenepo.

Mu 1801 anawerenga zotsatira zake pamaso pa bungwe la Manchester Literary and Philosophical Society. M'menemo munali mfundo imene lero imatchedwa lamulo la Dalton: mipweya ingapo ikakhala m'chotengera chimodzi, uliwonse umakankha ngati uli wokha, ndipo mphamvu yonse imapezeka pophatikiza mphamvu zimenezo. Ananenanso kuti mpweya wa mtundu uliwonse ungasanduke wamadzimadzi utaziziritsidwa ndi kupanikizidwa mokwanira, zimene akatswiri ena anadzazichitadi iye atanena kale.

Maatomu

Funso lakuti mipweya imasakanikirana bwanji, komanso chifukwa chake ina imalowa m'madzi kwambiri kuposa inzake, linamupangitsa kuganiza kuti tizidutswa ta mipweya timasiyana kulemera. Mu 1803 analemba mndandanda wake woyamba wa kulemera kwa maatomu, ndipo mu 1808 anatulutsa gawo loyamba la A New System of Chemical Philosophy. Chodabwitsa n'chakuti analakwitsa pa madzi omwewo: ankaganiza kuti muli atomu imodzi ya hydrogen ndi imodzi ya oxygen, pomwe a hydrogen ndi awiri.

Ukalamba ndi imfa

Dalton sanakwatire. Anakhala mtsogoleri wa bungwe lija la ku Manchester kuyambira mu 1817 mpaka imfa yake, ndipo mu 1826 bungwe la Royal Society linamupatsa mendulo. Anadwala sitiroko mu 1837, koma sanaleke kulemba za nyengo. Analemba komaliza kutangotsala tsiku limodzi kuti amwalire. Anthu pafupifupi 40,000 anakaona bokosi lake ku Manchester Town Hall.

Iye ankavutika kusiyanitsa mitundu ina, monga wofiira ndi wobiriwira, ndipo analemba za vutoli mu 1794. Anapempha kuti akadzamwalira maso ake adzapimidwe. Masowo anasungidwa, ndipo mu 1995 akatswiri atayeza DNA yake anapeza kuti analibe timaselo ta m'diso timene timamva kuwala kobiriwira.