James Watt ndi Malonda a Injini ya Nthunzi

Ana a sukulu ambiri adamvapo nthano yakuti James Watt, ali mnyamata, adakhala nkumayang'anitsitsa ketulo ikuwira pamoto, ndipo poona chivundikiro chikunyamuka, adatulukira injini ya nthunzi. Nthanoyi njokoma, koma si yoona. Injini yotere idalipo iye asanabadwe: Thomas Newcomen adaimika yake m'chaka cha 1712, ndipo ntchito yake idali kupopa madzi m'migodi ya ku England. Chimene Watt adachita nchakuti adapeza pamene injiniyo inkatayira malasha, napatseka. Kenaka iye ndi mnzake Matthew Boulton adapeza njira yogulitsira makina atsopano kwa anthu oopa kutaya chuma chawo pa chinthu chachilendo.

Watt adabadwira ku Greenock, doko la ku Scotland, mu January 1736. Bambo ake adali mmisiri wa zombo ndiponso wamalonda, ndipo ena mwa malonda a banjalo adali a shuga ndi fodya zolimidwa ndi akapolo kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, mfundo imene mabuku akale ankangoilumpha. Mnyamatayo adali wodwaladwala. M'chaka cha 1755 adapita ku London kukaphunzira kupanga zipangizo zoyezera, ndipo mu 1757 Yunivesite ya Glasgow idampatsa kachipinda kogwiriramo ntchito. Kumeneko sadali mphunzitsi kapena wophunzira, koma wokonza zipangizo chabe.

Cha m'ma 1763 adampatsa kainjini kophunzitsira ka mtundu wa Newcomen kuti akakonze. Adakakonza, koma kankangoyenda pang'ono nkuima. Pofufuza adaona kuti vuto lidali m'kapangidwe ka injiniyo. Nthunzi inkalowa m'silinda, pisitoni nkukwera. Kenaka ankathiramo madzi ozizira kuti nthunziyo isanduke madzi, ndipo mpweya wakunja unkakankhira pisitoniyo pansi. Tsono silinda itazizira chotero, nthunzi yolowa pambuyo pake inkayamba yatenthetsa chitsulo isanagwire ntchito iliyonse. Nchimodzimodzi mayi wothira madzi pamoto nthawi iliyonse akavundula nsima, nkuyambanso kukoleza. Watt adawerengera kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a nthunziyo ankapita padera.

Yankho lidamfikira mu May 1765 akuyenda pa bwalo la Glasgow Green: nthunzi izikaziziritsidwa m'chiwiya china chapadera, silinda izikhala yotentha nthawi zonse. Ganizoli nlapafupi kulifotokoza, komabe padapita zaka 11 lisanakhale injini yogulitsika. John Roebuck, mmodzi wa eni fakitale ya zitsulo ya Carron, adamthandiza ndi ndalama, ndipo mu 1769 Watt adalandira chikalata cha boma choletsa wina aliyense kupanga injini yotere popanda chilolezo chake. Koma padalibe mmisiri wotha kuboola silinda yaikulu moongoka bwino. Nthunzi inkatulukira m'mbali mwa pisitoni, ngakhale atsekemo ndi nsanza kapena mapepala. Kuti adyetse banja, Watt adakhala zaka zingapo akuyeza malo okumbapo ngalande za mabwato m'Scotland. Chuma cha Roebuck chidagwa, ndipo mu 1773 mkazi wa Watt, Margaret Miller, adamwalira.

Pakati pa amene Roebuck adali nawo ngongole padali Matthew Boulton, mwini fakitale ya Soho pafupi ndi Birmingham, yomwe inkapanga mabatani, zomangira malamba ndi tizitsulo tina. Boulton adalandira gawo la Roebuck pa injiniyo m'malo mwa ndalama zake. Watt adasamukira ku Birmingham mu 1774, ndipo chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo idatalikitsa mphamvu ya chikalata chija mpaka 1800. Mwayi wina udachokera kwa John Wilkinson, amene adali atangopeza njira yoboolera mizinga moongoka. Njira yomweyo idathandiza kuboola masilinda. Mu 1776 mainjini awiri oyamba adayamba ntchito, ina pa mgodi wa malasha wa Bloomfield, ina pa ng'anjo ya Wilkinson yemweyo.

Anthu awiriwa adali osiyana kwambiri. Watt adali wamantha pa za ndalama, wodana ndi kunenerera mitengo, wosachedwa kutaya mtima. Boulton adali wolimba mtima ndi wodziwa kukopa ogula. Ndipo njira yawo yogulitsira njofunika kuimvetsa, pakuti pa zaka zoyambirirazo sankagulitsa injini yathunthu. Mwini mgodi ankagula yekha matabwa, njerwa ndi zitsulo, silinda nkuitanitsa kwa Wilkinson. Ku Soho kunkachokera mapulani, zigawo zochepa zovuta kupanga, ndi amisiri oti akaimike injiniyo ndi kuiyang'anira. Malipiro awo enieni adali gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa malasha amene injini yatsopanoyo yapulumutsa poyerekeza ndi ya Newcomen, chaka ndi chaka mpaka 1800. Mwachitsanzo, ngati injini yakale ikadatentha matani 900 koma yatsopano yatentha 300, ndiye kuti matani 600 apulumuka, ndipo mtengo wa matani 200 unkapita ku Soho. Pofuna kupewa mikangano, Watt adaika pa injini kachipangizo kotsekeredwa m'bokosi, kowerenga kuti pisitoni yakwera ndi kutsika kangati.

Msika waukulu woyamba udali Cornwall, dera la migodi ya mkuwa ndi tini kumene kulibe malasha. Malasha ankabwera pa zombo kuchokera ku Wales, motero adali okwera mtengo, ndipo migodi ikamazama madzi ankachuluka. Kumeneko adatumizako William Murdoch, mmisiri wa ku Scotland amene adalowa ntchito ku Soho mu 1777. Ndiye ankadzutsidwa usiku injini ikaima mgodi nkuyamba kudzaza madzi.

Boulton adaona kuti migodi njowerengeka, pamene zigayo ndi mafakitale a nsalu akuchulukirachulukira. Mafakitalewo ankadalira magudumu oyendetsedwa ndi madzi kapena akavalo, kotero kuti ambiri ankamangidwa m'mphepete mwa mitsinje ndipo ntchito inkaima m'chilimwe madzi akachepa. Adamkakamiza Watt kupanga injini yozunguza gudumu, osati yongopopa. Njira yapafupi yochitira zimenezi James Pickard adali ataitengera kale chikalata mu 1780, choncho mu 1781 a ku Soho adatulukira ina, ya gudumu la mano loyenda mozungulira linzake. Mu 1782 nthunzi idayamba kukankha pisitoni mbali zonse ziwiri, ndipo mu 1788 adaonjezapo mipira iwiri yachitsulo yozungulira, imene imatanuka injini ikathamanga kwambiri nkuchepetsa nthunzi. Fakitale ya mowa ya Whitbread ku London idaimika injini yotere mu 1785, chigayo chachikulu cha Albion mu 1786. Eni mafakitale sadali ndi injini yakale yoyerekezera, koma mphamvu ya kavalo ankaidziwa. Watt adakhazikitsa kuti kavalo mmodzi amakweza katundu wolemera mapaundi 33,000 futi imodzi pa mphindi imodzi, ndipo malipiro ankawerengedwa potsata chiwerengero cha akavalo amene injiniyo yalowa m'malo mwawo.

Njira yolipira pachakayi, imene poyamba idaoneka yachifundo, pambuyo pake idasanduka goli. Eni migodi a ku Cornwall adaiwala msanga malasha amene ankatentha kale, koma ndalama zopita ku Birmingham ankaziona chaka chilichonse. Ena adaleka kulipira; ena adaitana amisiri monga Edward Bull ndi a banja la Hornblower kuti awapangire mainjini ena. Milandu idatenga zaka, ndipo Boulton ndi Watt adapambana mu 1799. Pamenepa Watt sayenera kuyamikiridwa kotheratu. Chikalata chake chidatsekereza amisiri ena kwa zaka 25, ndipo iye mwini ankakana nthunzi yopanikizidwa kwambiri poopa kuti maboila angaphulike. Mantha akewo adali ndi chifukwa, pakuti zitsulo za nthawiyo zidali zosalimba. Komabe chikalatacho chitangotha, Richard Trevithick wa ku Cornwall adagwiritsa ntchito nthunzi yomweyo, ndipo mu 1804 injini yake idakoka ngolo pa njanji ku Wales.

Pofika 1800 a ku Soho adali ataimika mainjini pafupifupi 500, ndipo kuyambira 1796 adali ndi fakitale yawoyawo yopangira injini yathunthu. Watt adasiyira ntchito mwana wake ndi mwana wa Boulton, nakakhala ku Heathfield, kumene ankatandala m'kachipinda ka pansi pa denga akuyesa makina okopera ziboliboli. Adamwalira pa 25 August 1819, ali ndi zaka 83, patapita zaka 10 Boulton atamwalira. Onse awiri adaikidwa pa tchalitchi cha St Mary ku Handsworth. Dzina lake lidaperekedwa ku muyezo wa mphamvu umene umalembedwa pa mababu a magetsi. Kachipinda kaja kadakhala kotseka zaka zambiri, mpaka mu 1924 pamene zonse za m'menemo, pamodzi ndi chitseko ndi matabwa a pansi, zidasamutsidwira ku Science Museum ku London.