Frank Hornby, bambo amene anapangira ana galimoto zazing'ono

Ana inu, ndani mwa inu ali ndi galimoto ya waya? Kuno ku Chiuta ana ambiri amadziwa kuzipanga. Ena amapanga za dongo. Ena amapanga za mapesi ndi bango. Magudumu ake amakhala a zitsekerero za mabotolo kapena a zitini.

Galimoto zina zimayenda bwino. Zina zimapendama, magudumu nkuguluka. Nanga kusiyana kwake kumacokera pati?

Lero timva mbiri ya bambo wina amene ankakonda kupangira ana zoseweretsa. Dzina lake ndi Frank Hornby. Anamwalira kalekale, agogo athu ambiri asanabadwe. Mbiri yake itithandiza kuyankha funso lathuli. Khalani cete, cherani khutu.

Ubwana wake

Frank Hornby anabadwa pa 15 Meyi caka ca 1863. Anabadwira mu mzinda wa Liverpool, m'dziko la England. Dzikoli lili kutali kwambiri, kutsidya kwa nyanja zamcere.

Liverpool ndi mzinda wa doko, monga Nacala kuno kwathu. Padoko pamafika sitima zikuluzikulu za pamadzi. Pamakhalanso makina aatali onyamula katundu. Makinawo dzina lake ndi kireni. Kireni imakweza matumba ndi mabokosi m'mwamba, nkuwatsitsira m'ngolo. Frank anakulira mu mzinda wodzaza ndi zinthu zoterezi.

Bambo a Frank anali ndi bizinesi ya zakudya. Frank anasiya sukulu ali ndi zaka 16. Anayamba kuthandiza bambo ake kuwerenga ndalama. Iye sanapite kusukulu yophunzitsa za makina. Koma manja ake ankakonda zitsulo. Akaweruka kunchito, ankasula ndi kuyesa tinthu tosiyanasiyana kunyumba.

Banja lawo

M'caka ca 1887, Frank anakwatira Clara Godefroy. Mayi ameneyu anali mphunzitsi. Anabereka ana aamuna awiri, Roland ndi Douglas. Patapita zaka anaberekanso mwana wamkazi, Patricia. Tsopano tiziti Bambo Hornby, pakuti anali atakula.

Bizinesi ya bambo awo itatha, Bambo Hornby analowa nchito ya ukalaliki. Ankalemba mabuku a ndalama kwa Bambo David Elliott, amene ankaitanitsa nyama kucokera kumaiko ena. Malipiro a kalaliki sanali ambiri.

Bambo Hornby ankafuna kuti ana awo azisewera mosangalala. Iwo anaganiza zowapangira okha zoseweretsa. Anatenga malata opyapyala. Anawadula ndi kuwapinda. Anapanga timilatho, tingolo ndi timakireni, tofanana ndi zimene zinali mu mzinda wawo.

Vuto ndi nzeru yake

Panali vuto limodzi. Zidutswa za kamlatho sizinkalowa pa kangolo. Zidutswa za kangolo sizinkalowa pa kakireni. Ana akafuna cinthu catsopano, bambo awo ankayambanso kudula malata ena. Nchito inkacuruka. Nthawi inkatha.

Bambo Hornby anaganizira vutoli kwa nthawi yaitali. Kenaka nzeru inabwera. Anatenga cipepala ca mkuwa. Anadula timizere tacitsulo tofanana m'lifupi. Pa kamzere kalikonse anaboola mabowo. Asanaboole, ankayamba ayeza. Kucokera pa bowo limodzi kufika pa linzake panali mtunda wofanana, sentimita imodzi ndi pang'ono.

Taonani zimene zinacitika. Popeza mabowo anali oyezedwa bwino, kamzere kalikonse kankagwirizana ndi kanzake. Ana ankalumikiza timizereto ndi mabawuti, amene ena amati maparafuzo. M'mabowo omwewo munkalowanso kacitsulo kogwira magudumu.

Lero mwana amange mlatho. Mawa aumasule, amange ngolo. Mkuja amasulenso, amange kireni. Zidutswa ndi zomwezo. Roland ndi Douglas anali ana oyamba kusewera nazo.

Zaka zovuta

Bambo Hornby anaona kuti ana enanso angakonde zoseweretsazi. M'mwezi wa Januwale caka ca 1901 anakalembetsa nzeru yawo kuboma, kuti wina asaibe. Polembetsa pankafunika ndalama. Iwo analibe zokwanira. Anabwereka mapaundi 5 kwa abwana awo, Bambo Elliott.

Poyamba zinthu sizinayende. Eni mafakitale sanafune kuwapangira zidutswa zabwino. Eni masitolo ambiri sanafune kugula. Bambo Elliott anawathandiza ndi ndalama ndiponso malo ogwirirapo nchito.

M'caka ca 1902 mabokosi oyamba anafika m'masitolo. Dzina lake linali Mechanics Made Easy, kutanthauza kuti za makina zaphweka. M'bokosi munali zidutswa za mitundu 16. Munalinso kapepala ka zithunzi koonetsa zinthu 12 zimene mwana angamange. Mwana ankayamba wayang'ana cithunzi. Kenaka ankawerenga zidutswa zofunika. Akatero ndiye ankayamba kumanga.

M'caka ca 1903 anagulitsa mabokosi 1,500, koma phindu panalibe. Bambo Hornby sanataye mtima. Anapitiriza nchito ya ukalaliki kuti banja lidye, uku akukonza zoseweretsa zawo. Akulu amati kuona maso a nkhono nkudekha.

Pang'ono ndi pang'ono ogula anacuruka. M'caka ca 1907 zoseweretsazi zinalandira dzina latsopano, lalifupi, lakuti Meccano. Bambo Hornby anasiya ukalaliki. M'caka ca 1914 anatsegula fakitale yaikulu pa msewu wa Binns Road, ku Liverpool komweko. Anthu ambirimbiri anapeza nchito kumeneko.

M'caka ca 1916 anayambitsa magazini ya ana yochedwa Meccano Magazine. M'menemo munkakhala zithunzi za milatho, sitima ndi makina enieni. Ana ankaziyang'ana, nkupezapo maganizo a zinthu zoti amange. Kunkakhalanso mipikisano. Mwana amene wamanga cinthu cokongola ankalandira mphoto.

Sitima ndi galimoto zazing'ono

M'caka ca 1920 fakitale ija inayamba kupanga tisitima ta pamtunda. Mwana ankapotokola kiyi, kasitima nkuyamba kuyenda pa kanjanji kake.

Koma sitima siyenda m'cipululu mokha. Imafuna siteshoni. Imafuna anthu ndi katundu. Imafunanso galimoto zodzatenga katunduyo. Motero fakitale inayamba kupanga tinthu timeneti.

Kumapeto kwa caka ca 1933 kunatuluka tigalimoto 6 toyamba. Pakati pa ito panali kalole, kagalimoto kogawa katundu m'masitolo ndi kathirakitala. M'caka ca 1934 tinalandira dzina lakuti Dinky Toys. Nthawi imeneyo Bambo Hornby anali ndi zaka 70.

Tigalimototi ankatipanga motere. Ankasungunula citsulo pamoto. Ankacithira m'cikombole, monga timacitira poumba njerwa. Citsulo cikazizira, kagalimoto kankatuluka. Kenaka ankakapaka utoto ndi kukaika magudumu.

Panali lamulo lofunika. Kagalimoto kankayenera kugwirizana msinkhu ndi kasitima. Kodi munaonapo galimoto yaikulu kuposa sitima? Ayi. Ndiye cifukwa cake amisiri ankayamba ayeza ndi kujambula papepala, asanapange cikombole.

Kucepetsa cinthu mofanana mbali zonse kuli ndi dzina. Timati muyeso. Masiku ano tigalimoto tambiri ta citsulo timapangidwa pa muyeso wa 1 kwa 43. Tiyeni tione citsanzo. Galimoto yeniyeni ikhale yotalika mamita 4 ndi masentimita 30. Kagalimoto kake kakhala kotalika masentimita 10 basi. Magudumu acepanso momwemo. Zitseko zicepanso momwemo. Ndiye cifukwa cake kamaoneka ngati galimoto yeniyeni.

Masiku awo otsiriza

Bambo Hornby, amene anabwerekapo mapaundi 5, anadzakhala munthu wolemera. M'caka ca 1931 anthu a dera la Everton anawasankha kukhala phungu wa ku nyumba ya malamulo. Anagwira nchitoyo mpaka caka ca 1935.

Atakalamba anadwala mtima ndi matenda a shuga. Anamwalira pa 21 Seputembala caka ca 1936, ali ndi zaka 73. Anaikidwa m'manda ku Maghull, pafupi ndi Liverpool.

Fakitale ya pa Binns Road inatsekedwa m'caka ca 1979. Koma maina a Meccano ndi Hornby sanaiwalike. Akuluakulu ena m'maiko ambiri amasunga tigalimoto takale ta Dinky Toys m'makabati mwawo, ndipo amatisamala kwambiri.

Ife tiphunzirapo ciyani?

Tibwerere ku funso lathu lija. Bwanji galimoto zina za waya zimayenda bwino, zina nkumapendama?

Bambo Hornby sankathamangira kudula citsulo. Coyamba ankayang'ana. Caciwiri ankayeza. Kudula kunkabwera pambuyo. Nafenso tingacite cimodzimodzi.

Zoti tiyang'ane zilipo zambiri. Pa Entre Lagos pamadutsa sitima za pa njanji ya pakati pa Nacala ndi Malawi. Kumsika kumabwera malole odzagula nsomba ndi mpunga. Kuli njinga, njinga zamoto ndi ngolo. Kunyanja kuli mabwato.

Tinene kuti mwasankha kupanga lole. Tsatani njira iyi.

1. Yang'anani. Lole ili ndi magudumu angati? Mutu ndi thupi, cacitali nciti? Zitseko zili pati?

2. Yezani. Lole ikaima, pemphani cilolezo kwa adalaivala. Yendani m'mbali mwake, phazi kutsogolo kwa phazi. Werengani mapazi anu. Yezani m'litali, yezaninso m'lifupi.

3. Jambulani pansi kapena papepala. Phazi limodzi likhale cala cimodzi cogoneka. Mukapeza mapazi 30 m'litali, jambulani zala 30. Mukapeza mapazi 10 m'lifupi, jambulani zala 10. Umenewo ndiwo muyeso wanu.

4. Sonkhanitsani zipangizo zonse musanayambe. Pezani waya, mphira zomangira, ndi bango la ciwongolero. Magudumu onse akhale ofanana kukula.

5. Tsopano mangani. Goneketsani waya pa cithunzi canu, ndipo pindani motsata mizere. Mbali ya kumanja ifanane ndi ya kumanzere.

Mukamaliza, iyendetseni. Ikapendama, musaitaye. Yang'anani pamene palakwika, masulani, mangani kaciwiri. Kumbukirani kuti Bambo Hornby anadikira zaka zingapo nchito yawo isanayende bwino.

Cenjezo

Musasewere pa njanji. Sitima muziionera patali, muli ndi munthu wamkulu. Musayandikire galimoto imene injini yake ikulira. Musalowe kunsi kwa lole. Musadule waya wa mpanda wa eni ake. Musakhudze waya wa magetsi. Waya ali ndi nsonga yakuthwa, samalani maso anu ndi a anzanu.

Mawu atsopano

Doko: malo amene sitima za pamadzi zimaima.
Kireni: makina aatali onyamula katundu wolemera.
Kalaliki: munthu wolemba za muofesi.
Fakitale: nyumba yaikulu yopangiramo zinthu.
Cikombole: coumbiramo zinthu kuti zituluke zofanana.
Muyeso: kucepetsa kapena kukuza cinthu mofanana mbali zonse.

Mafunso

1. Frank Hornby anabadwira mu mzinda uti?
2. Ana ake aamuna maina awo anali ndani?
3. Ankagwira nchito yanji kwa Bambo Elliott?
4. Bwanji mabowo a pa timizere ankawayeza?
5. Anabwereka mapaundi angati?
6. Musanapinde waya, muyambe mwacita ciyani?

Nchito

Jambulani galimoto imene munaionapo. Werengani magudumu ake. Lembani nambala yake kunsi kwa cithunzi. Lembaninso mawu awa: waya, lole, galimoto.

Kwa makolo

Amayi ndi abambo, agogo ndi amalume, muwawerengere ana mbiri iyi pang'onopang'ono, gawo limodzi pa tsiku. Mwana akamapinda waya pabwalo, musaone ngati akungotaya nthawi. Iye akuwerenga magudumu. Akufanizira cacitali ndi cacifupi. Akuphunzira kuyeza. Amenewa ndi masamu omwe timaphunzitsa m'kalasi yoyamba.

Akamaliza nchito za pakhomo, mupatseni mpata. Mufunseni kuti akuonetseni cithunzi asanayambe kumanga. Muthandizeni kudula waya wolimba. Ana aakazi nawonso apatsidwe waya ndi bango, pakuti manja awo amatha cimodzimodzi.

Galimoto ikatha, mwana abwere nayo kusukulu pamodzi ndi cithunzi cake. Tidzaziika pamzere pabwalo. Aliyense adzafotokozera anzake cimene anaona, mmene anayezera, ndi mmene anamangira.